KHANSA YA CHIWINDI ICHIZIKA POPANDA KUNG'AMBA PAMIMBA IKAPEZEKA MSANGA

Anthu ambiri a m'boma la Phalombe, monganso a m'maboma ena, aopa kupita ku chipatala akamva kuwawa kumanja kwa mimba, kunsi kwa nthiti. Iwo aganiza kuti dotolo akapeza chotupa m'chiwindi palibenso njira ina koma kuwang'amba pamimba. Chifukwa cha mantha amenewa akhala pakhomo miyezi yambiri namayesa mankhwala a zitsamba, kufikira mimba itatupa ndi maso atasanduka achikasu, ndipo pofika nthawi imeneyo dotolo alibenso zambiri zoti achite. Koma masiku ano zilipo njira zingapo zophera chotupa cha khansa m'chiwindi popanda opaleshoni. Njira zonsezi zifuna chinthu chimodzi, ndicho chakuti chotupacho chipezeke chikali chaching'ono.

CHIWINDI NDI NTCHITO YAKE

Aliyense amene anaphapo mbuzi kapena nkhuku achidziwa chiwindi. Mwa munthu wamkulu chilemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo chikhala kumanja, kuseri kwa nthiti za m'munsi. Ntchito zake nzambiri. Chisunga mphamvu yochokera m'chakudya, chipanga ndulu imene ithandiza kugaya mafuta, chisefa ululu m'magazi, ndiponso chipanga zinthu zimene ziumitsa magazi munthu akatemeka.

Chiwindi chilandira magazi kudzera m'misempha iwiri. Mtsempha waukulu uchokera m'matumbo ndipo ubweretsa magawo atatu mwa magawo anai a magazi onse; wina wocheperapo ubweretsa magazi ochokera ku mtima. Nkofunika kukumbukira misempha iwiriyi, pakuti njira ina yochizira itsamira pa iyo.

Chiwindi nchopirira kwambiri. Chipitirizabe kugwira ntchito ngakhale mbali yake yaikulu itaonongeka, ndipo mwini wake samva kanthu. Munthu angathe kulima, kupalasa njinga kuchoka ku Chiringa kufika ku Migowi ndi kudya nsima bwinobwino, chotupa chili kukula m'kati mwake. Kupweteka, kuonda, chikasu ndi kutupa mimba zibwera pambuyo, nthenda itapita patali.

CHIYAMBITSA NTHENDAYI NCHIYANI?

Khansa ya chiwindi siyamba chifukwa cha ufiti, ndipo kawirikawiri siyamba m'chiwindi chabwinobwino. Iyamba m'chiwindi chimene chakhala chikuvulazidwa zaka zambiri. Kuno ku Africa chovulaza chachikulu ndi kachilombo ka nthenda yotupitsa chiwindi, imene madotolo aitcha Hepatitis B. Kachilomboka kayenda m'magazi. Mwana angakatenge kwa mai ake pobadwa, kapena kwa anzake akali wamng'ono. Akulu akatenga pogonana, pobwerekana malezala, ndi potemedwa mphini ndi lumo limene latemera kale munthu wina. Mwa makanda 10 otenga kachilomboka pobadwa, 9 akhala nako moyo wao wonse, chikhalirecho mwa akulu ambiri thupi likachotsa lokha. Kafukufuku wa ku Ndirande mu mzinda wa Blantyre, amene zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2022, anapeza kachilomboka mwa akulu 5 pa 100 aliwonse.

Chachiwiri ndi chuku, ululu wochokera ku nkhungu imene imera pa mtedza ndi pa chimanga chosauma bwino. Ululu umenewu, umene akatswiri autcha aflatoxin, unadziwika pambuyo pa chaka cha 1960, pamene nkhukutembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Kuphika kapena kukazinga sikuthetsa ululuwu. Munthu amene ali ndi Hepatitis B namadyanso chakudya cha chuku ali pa ngozi yoposa kwambiri ya mnzake amene ali ndi chimodzi chokha mwa ziwirizi.

Chachitatu ndi mowa, makamaka kachasu womwedwa tsiku ndi tsiku. Palinso kachilombo kena ka Hepatitis C. Zonsezi zisiya zipsera m'chiwindi, kotero kuti chiuma ndi kukhwinyata, ndipo m'zipsera zimenezi ndimo mumera khansa.

Nthendayi siyachilendo m'dera lino. Kale, m'zaka za m'ma 1930 mpaka 1950, madotolo a ku migodi ya ku Johannesburg anaona kuti anyamata ambiri ochokera ku Mozambique anali kufa nayo akali achichepere. Kufikira lero, pamene ku Ulaya igwira kwambiri okalamba, kuno igwira anthu a zaka 30, 40 kapena 50, amene ndiwo osamalira mabanja.

"MSANGA" NDIYE KUTI CHIYANI?

Dotolo asanasankhe njira yochizira afunsa mafunso atatu. Loyamba: zotupa zilipo zingati ndipo nzazikulu bwanji? Lachiwiri: chiwindi chotsalacho chikali kugwira ntchito bwino? Lachitatu: munthuyo ali ndi mphamvu yoyenda ndi kudzigwirira ntchito zake?

Mwa muyeso umene madotolo a ku Barcelona anaukonza m'chaka cha 1999, umene ugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri, khansa iwerengedwa kuti yapezeka msanga ngati chotupa nchimodzi, kapena ngati zotupa siziposa zitatu ndipo chilichonse sichiposa masentimita 3, ndiponso ngati nthendayo sinalowe m'misempha ya magazi kapena kufalikira ku ziwalo zina. Chotupa cha masentimita 2 chilingana ndi chipatso cha masau. Cha masentimita 3 chiyandikira dzira la nkhunda. Chotupa chotere palibe angachimve pokhudza pamimba ndi dzanja. Chioneka ndi makina okha.

Ena afunsa kuti, "Nanga bwanji osangochidula?" Kudula mbali ya chiwindi ndi njira yabwino ndithu kwa amene chiwindi chao nchathanzi. Koma odwala ambiri ali ndi chiwindi cha zipsera, chimene chitaya magazi ambiri chikadulidwa, ndipo mbali yotsalayo singakwanitse kusunga moyo. Kuika chiwindi cha munthu wina kuchitika m'zipatala zochepa, monga za ku Cape Town ndi Johannesburg, ndipo mtengo wake ngwaukulu zedi. Chifukwa chake madotolo anafunafuna njira zophera chotupacho pamalo pomwe chili.

KUTENTHA CHOTUPA NDI SINGANO

Njira imene madotolo aidalira koposa pa zotupa zazing'ono ndiyo yotentha, imene aitcha radiofrequency ablation. Inayamba kugwiritsidwa ntchito pa chiwindi m'zaka za m'ma 1990. Wodwala agona chagada, napatsidwa mankhwala ochititsa dzanzi ndi ogonetsa. Dotolo ayang'ana m'kati mwa mimba ndi makina a sikani, ofanana ndi aja ounikira amai oyembekezera, nalowetsa singano yaitali, yopyapyala, kudzera pakhungu kufikira nsonga yake itafika pakati pa chotupa. Singanoyo ilumikizidwa ku makina a magetsi, ndipo nsonga yake itenthetsa mnofu wozungulira kufika pakati pa madigiri 60 ndi 100. Monga dzira liuma likathiridwa m'chiwaya chamoto ndipo silibwereranso mwakale, chomwechonso chotupa chipsa ndi kufa. Dotolo atenthanso pang'ono mnofu wabwino wa m'mbali mwake kuti pasatsale mizu.

Ntchito yotenthayo itenga mphindi zowerengeka, kawirikawiri zosafika theka la ola pa chotupa chimodzi. Pakhungu patsala kabala kakang'ono kosafuna kusoka, ndipo odwala ambiri abwerera kwao tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Ena amva kupweteka ndi kutentha thupi masiku angapo. Kamodzikamodzi magazi atayika m'kati, kapena ndulu ndi matumbo zivulala, chifukwa chake ntchitoyi ichitika m'chipatala chachikulu chokha. Pa zotupa zosaposa masentimita 2, zoposa 9 mwa 10 zifa kotheratu, ndipo odwala akhala moyo zaka zofanana ndi za amene anachitidwa opaleshoni. Chotupa chikaposa masentimita 3 moto uvuta kufika m'mbali monse, ndipo zotsatira zake zicheperachepera.

Njirayi ili ndi vuto limodzi. Chotupa chikakhala pafupi ndi mtsempha waukulu, magazi oyenda m'mtsemphawo aziziritsa malowo, monga madzi oyenda aziziritsa mwala wamoto, kotero kuti mbali ina ya chotupa ipulumuka. Pofuna kuthetsa vutoli anapanga makina ena otentha ndi mphamvu ya microwave. Singano yake ilowa chimodzimodzi, koma itentha msanga, mwamphamvu, ndi pamalo okulirapo. Zipatala zambiri za kunja zasamukira ku makina amenewa. Palinso njira yosiyana ndi izi, youmitsa chotupa ndi chisanu choopsa kudzera m'singano, kenaka kuchisungunula ndi kuchiumitsanso kufikira chitafa.

KUBAYA CHOTUPA NDI SPIRIT

Njira yakale kuposa zonsezi inayamba ku Japan ndi ku Italy m'zaka za m'ma 1980. Dotolo alowetsa singano m'chotupa, akuyang'ana pa sikani, nathiramo spirit wa m'chipatala wosasakaniza ndi madzi. Spirit ameneyu amwa madzi a m'chotupa natseka timisempha take, ndipo chotupacho chifa. Kubaya kamodzi sikukwanira. Wodwala abwera kangapo pa masiku osiyana. Njirayi igwira bwino pa zotupa zosaposa masentimita 2, koma mphamvu yake siifika pa ya kutentha. Ubwino wake ngwakuti siifuna makina okwera mtengo, ndiponso ithandiza pamene chotupa chili pafupi ndi ndulu kapena matumbo, malo amene moto ungavulaze.

Wina asamve nkhani imeneyi naganiza kuti kumwa kachasu kungaphe chotupa. Mowa womwedwa pakamwa ufika m'chiwindi chonse ndipo uonjezera zipsera zimene zinayambitsa nthendayo.

KUTSEKA NJIRA YA MAGAZI

Apa ndi pamene misempha iwiri ija ithandiza. Mnofu wabwino wa chiwindi udya kwambiri magazi a mtsempha wochokera m'matumbo, koma chotupa cha khansa chidya pafupifupi magazi a mtsempha wochokera ku mtima okha. Tsono dotolo alowetsa kapaipi kopyapyala m'mtsempha wa m'mphechepeche mwa mwendo, nakayendetsa akuyang'ana pa makina ojambula kufikira katafika pa kanthambi kodyetsa chotupacho. Pamenepo athiramo mankhwala opha khansa, kenaka timibulu tating'onoting'ono totseka kanthambiko. Zifanana ndi mlimi wa mpunga amene atseka ngalande yopita ku ndime imodzi, madzi napitirirabe ku ndime zinzake. Chotupa chisowa chakudya, ndipo mankhwala akhalitsa m'kati mwake.

Madotolo aitcha njira imeneyi TACE. M'chaka cha 2002 kafukufuku wa ku Barcelona ndi wa ku Hong Kong anatsimikiza kuti italikitsa moyo wa odwala osankhidwa bwino. Igwiritsidwa ntchito makamaka zotupa zikachuluka kapena kukulirapo, komanso pa chotupa chaching'ono chimene singano singachifikire. Kawirikawiri siichiza kotheratu koma ichepetsa chotupa, ndipo ibwerezedwa pakapita miyezi. Kwa munthu amene ali kale ndi chikasu kapena madzi m'mimba siyoyenera, pakuti ingamalize chiwindi chofookacho. M'maiko ena m'malo mwa mankhwala athira timibulu totulutsa cheza champhamvu chimene chiwotcha chotupa kuchokera m'kati.

KUWOTCHA NDI CHEZA CHA MAKINA

Njira ina siifuna singano nkomwe. Wodwala agona pa tebulo, ndipo makina aakulu alozetsa cheza champhamvu pa chotupa kuchokera mbali zambiri, kotero kuti mphamvu yonse ikumana pamalo amodzi, mnofu wabwino nulandira yochepa. Kale njira imeneyi inali yoopsa pa chiwindi, koma makina atsopano aloza mosaphonya, ndipo wodwala abwera katatu kapena kasanu kokha. Madotolo aisankha pamene kutentha ndi singano sikutheka.

Alipo mankhwala akumwa ndi a m'diripi, monga sorafenib amene anavomerezedwa m'chaka cha 2007, ndi ena othandiza chitetezo cha m'thupi amene anabwera m'chaka cha 2020. Amenewa ndi a khansa imene yafalikira kale. Aonjezera miyezi ya moyo, koma sachotsa nthendayo.

CHITHANDIZO SICHITHERA POMWEPO

Chotupa chikaphedwa, chiwindi cha zipsera chija chikhalapobe, ndipo munda umene unamera kaufiti ungamerenso wina. Mwa odwala oposa theka chotupa china chimera zisanathe zaka zisanu. Chifukwa chake wodwala ajambulidwanso patapita mwezi umodzi, ndiponso pa miyezi ingapo iliyonse monga dotolo angalamulire. Chotupa chatsopano chikaoneka chikali chaching'ono, singano ingalowetsedwenso.

Choyambitsacho chiyeneranso kuchizidwa. Mankhwala a tenofovir, mbulu umodzi pa tsiku, agonetsa kachilombo ka Hepatitis B ndi kuchepetsa ngozi ya khansa. Mankhwala omwewa ali m'ma ARV amene anthu ambiri akumwa m'dziko muno, kotero munthu amene ali ndi HIV pamodzi ndi Hepatitis B athandizidwa pawiri ndi mbulu umodzi. Munthu wotere asasiye kumwa mankhwala payekha, pakuti kachilomboko kakadzuka katupitsa chiwindi moopsa. Hepatitis C ichizika kotheratu ndi mankhwala akumwa pa miyezi itatu.

NANGA MUNTHU WA KU PHALOMBE AYAMBIRE PATI?

Njira za singano, za kapaipi ndi za cheza zifuna dotolo wophunzira mwapadera ndi makina okwera mtengo. Sizichitika pa chipatala chaching'ono cha m'mudzi, ndipo zipezeka kwambiri m'zipatala zazikulu za maiko monga South Africa, Egypt ndi India. Kafukufuku wa m'maiko 9 a mu Africa, amene anatuluka m'chaka cha 2017, anaonetsa kuti kunja kwa Egypt odwala 3 okha pa 100 ndiwo analandira chithandizo cholimbana ndi khansayo, ndipo theka la odwala linamwalira isanathe miyezi itatu. Chifukwa china chinali kusowa kwa makina, koma chinanso chachikulu chinali chakuti anthu anafika mochedwa.

Zinthu zili kusintha pang'onopang'ono. M'chaka cha 2022 chinatsegulidwa chipatala chachikulu cha boma la Phalombe ku Migowi, chotchedwa John Chilembwe, kuonjezera pa chipatala cha mishoni cha Holy Family chimene chathandiza anthu zaka zambiri. M'chaka cha 2024 makina oyamba a cheza chochizira khansa anafika pa chipatala cha eni ake ku Blantyre, ndipo m'chaka cha 2025 chinatsegulidwa chipatala cha Boma cha khansa ku Lilongwe, pafupi ndi Kamuzu Central Hospital.

Ulendo uyambira pafupi. Munthu afunse pa chipatala za kuyezetsa magazi kuti adziwe ngati ali ndi Hepatitis B. Akapezeka nayo, dotolo aweruza ngati ayenera kuyamba mankhwala, ndiponso ngati ali m'gulu la ofunika kuunikidwa chiwindi pa sikani miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ngakhale asakumva kupweteka. Nthawi imeneyi anaisankha chifukwa chotupa chimene sichinaoneke pa kuunika koyamba kawirikawiri chikhala chikali chaching'ono pa kuunika kwachiwiri. Nthawi zina ayezanso magazi pofuna chizindikiro chotchedwa AFP. Pakaoneka chokaikitsa, wodwala atumizidwa ku Zomba Central Hospital kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo madotolo akulu akatsimikiza nthendayo ndi makina a CT aweruza za chithandizo choyenera. Unduna wa Zaumoyo uli ndi komiti yotumiza odwala ena kunja. Mndandanda wake ngwautali, ndipo ichi ndi chifukwa chinanso chosazengereza.

Amene afika nthenda itakula sabwezedwa chimanjamanja. Alipo mankhwala a morphine akumwa oletsa ululu, madzi a m'mimba angathe kupopedwa, ndipo ku Queen Elizabeth kuli chigawo cha Tiyanjane chosamalira odwala otere pamodzi ndi mabanja ao.

ZOYENERA KUCHITA M'MIDZI

1. Onse obadwa chisanafike chaka cha 2002, pamene katemera wa Hepatitis B anayamba kuperekedwa kwa ana m'dziko muno, ayezetse magazi; makamaka amene m'banja mwao wina anamwalira ndi nthenda ya chiwindi. Mmodzi akapezeka nako kachilombo, mkazi kapena mwamuna wake, ana ndi abale ake ayezetsenso.

2. Amai apite ndi ana ku sikelo kuti alandire katemera katatu konse: pa masabata 6, 10 ndi 14. Ku Ndirande kuja, mwa ana obadwa katemera atayamba, 3 okha pa 1,000 ndiwo anapezeka ndi kachilomboka. Amai oyembekezera afunse za kuyezetsa, pakuti mankhwala omwedwa pa nthawi ya pakati ateteza mwana.

3. Mtedza ndi chimanga ziume bwino zisanalowe m'nkhokwe kapena m'matumba, ndipo matumba asakhudze pansi. Mtedza usawazidwe madzi pofuna kuusenda mosavuta. Mtedza wofwifwa, wowawa kapena wankhungu, umene wasankhidwa pogulitsa, usasinjidwe kukhala nsinjiro za pakhomo.

4. Lumo limodzi likhale la munthu mmodzi, kaya ndi pometa, potema mphini kapena ku chinamwali.

5. Amene ali ndi nthenda ya chiwindi aleke mowa kotheratu, ndipo asamwe mankhwala a zitsamba kapena a pa msika asanafunse dotolo.

Aphunzitsi, mafumu, nyakwawa ndi akulu a mipingo athandize alangizi a zaumoyo pofotokoza nkhani imeneyi m'misonkhano, makamaka kwa amuna, amene nthendayi iwagwira kwambiri kuposa akazi ndipo ndiwo achedwa kupita ku chipatala. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Munthu amene akali ndi mphamvu zake ndiye woyenera kupita kukafunsa za magazi ake, pakuti singano ya dotolo ithandiza chotupa chikali ngati masau, mwini wake asanayambe kumva kupweteka.